Mizere itatu ya khodi ndi uthenga wa madzi kwa Nyachikadza

Madzulo a pa 4 Okutobala 2021, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Kuno ambiri anathamangira kuona ngati bandulo yatha, ena anazimitsa foni n'kuyatsanso, ena anadandaula za netiweki. Eni ake atafotokoza, zinadziwika kuti sikunali akuba kapena moto. Akatswiri awo, ali mkati mokonza makina monga amachitira masiku onse, anapereka lamulo limodzi kwa makompyuta, ndipo lamulolo linadula njira zonse zolumikiza nyumba zawo zosungira maseva. Panali pulogalamu ina yoikidwa kuti izigwira malamulo oopsa otere asanagwire ntchito, koma iyonso inali ndi vuto lake, choncho lamulo linadutsa.

Ntchito yanga ndi ya ulonda wa mtundu umenewo, kungoti makina omwe ndimayang'anira ndi aang'ono kwambiri. Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta, koma nthawi yanga yambiri imathera powerenga zomwe anzanga alemba. Wina akakonza vuto mu pulogalamu, zomwe wasinthazo sizilowa mpaka mnzake aziwerenge mzere ndi mzere n'kuvomereza. Pantchito timati code review. Si mwambo wa dzulo: Michael Fagan wa kampani ya IBM analemba ndondomeko yake mu 1976. Achibale anga amaona ngati kuwerenga za mnzako ndi ntchito yopepuka kuposa kulemba zako. Sindigwirizana nawo, ndipo pomwe ndimatopa kwambiri ndi pa zosintha zing'onozing'ono, za mizere iwiri kapena itatu, zokhudza gawo lomwe timati config.

Mapulogalamu omwe mumawadziwa pa foni ali ndi zithunzi ndi mabatani. Kuseri kwake kuli ena opanda chithunzi chilichonse, omwe munthu amawalamula polemba mawu pa sikirini yakuda, kapena omwe amadzuka okha nthawi yoikika ikakwana. Amenewa ndi a command line. Ndiwo amasamutsa malipoti a zipatala usiku, kusunga makope a kaundula, kutumiza ma SMS ambirimbiri nthawi imodzi. Pulogalamu yotere imalembedwa kamodzi koma imagwira ntchito m'malo osiyanasiyana, ndiye zomwe zimasiyana malo ndi malo, monga manambala a foni, nthawi yotumizira, chilankhulo ndi adiresi ya seva, zimalembedwa padera m'kafayilo. Kafayilo kameneko ndiye config. Taganizani za chigayo: injini ndi yomweyo, koma sefa yomwe aikamo ndiyo imagamula ngati mutuluke ndi ufa wosalala kapena wa miseremisere. Ataika sefa yolakwika injini siidandaula, imangolira bwinobwino, ndipo mumazindikira ufa uli kale m'thumba.

Chovuta n'chakuti zoikikazi sizikhala pamalo amodzi. Zina wolemba anaziika mkati mwa pulogalamu kuti zizigwira ntchito ngati munthu sananene kanthu, ndipo timazitcha default. Zina zili m'fayilo ya makina onse, zina m'fayilo ya munthu amene walowa pa makinawo, zina m'chikumbumtima cha kompyuta pa nthawi yomwe yayatsidwa, ndipo zina munthu amazilemba pomwepo polamula. Zikatsutsana payenera kukhala lamulo lonena kuti chopambana ndi chiti. Kawirikawiri chomwe munthu walemba pomwepo chimaposa zonse, default n'kukhala yomaliza. Mavuto ambiri omwe amandipeza amabadwira pamphambano imeneyi.

Ndipereke chitsanzo cha kapulogalamu ka bungwe lina, komwe ntchito yake ndi kutenga miyezo ya madzi a mumtsinje n'kutumiza uthenga pa foni kwa mamembala a makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku Chigwa cha Shire. Ndikamawerenga khodi yake ndimaika m'mutu dera limodzi, kwa Mfumu Yaikulu Nyachikadza ku Nsanje. Derali lili m'dambo la Ndindi, kumalire ndi Mozambique, ndipo njira yokafikako ndi ya bwato. Nthaka yake ndi yachonde chifukwa cha matope omwe madzi amasiya, moti chimanga, mbatata ndi nyemba zimachita bwino pamene kumtunda kwauma. N'chifukwa chake ngakhale boma lakhala likupempha anthu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti asamukire kumtunda, ambiri safuna kusiya minda yawo. Anaona madzi a Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana ndi Gombe mu 2022, ndi a Freddy mu Malichi 2023. Munthu wa kumeneko uthenga ukapanda kufika sangaimbire ofesi kudandaula, chifukwa sadziwa n'komwe kuti unayenera kubwera. Wowerenga khodi ndiye ayenera kufunsa mafunso m'malo mwake.

Dandaulo linabwera lakuti uthenga wa m'mawa umapita koma wa madzulo supita. M'fayilo munalembedwa nthawi ziwiri, 06:00 ndi 18:00. Mnyamata wina waluso ndithu anaona kuti pulogalamu imagwa ikafika powerenga nthawi yachiwiriyo, ndipo anakonza ndi mizere itatu: ngati nthawi yolembedwa siikumveka, gwiritsa ntchito default, yomwe inali 18:00. Anayesa, uthenga unapita, mayeso onse a makina anaonetsa zobiriwira. Ananditumizira kuti ndivomereze.

Funso langa loyamba pa chokonza chilichonse silisintha: kodi wokonzayu wadziwa chomwe chinayambitsa vutoli, kapena wangoletsa pulogalamu kulira? Apa panalibe mawu ofotokoza chifukwa chomwe 06:00 imamveka pamene 18:00 siimveka, chikhalirecho zonse zalembedwa mofanana. Yankho lili m'mtundu wa fayiloyo, womwe umatchedwa YAML. Malamulo ake akale amati manambala olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri awerengedwe m'magulu a 60. Choncho 18:00 imasanduka 18 kuchulukitsa ndi 60, yomwe ndi 1080, ndipo pulogalamu imalandira nambala 1080 m'malo mwa nthawi. Koma 06:00 imapulumuka chifukwa yayamba ndi 0, ndipo lamulo lija siligwira nambala yoyamba ndi 0. YAML 1.2 ya mu 2009 inachotsa khalidweli, komabe zida zambiri zowerengera mafayilowa, kuphatikizapo PyYAML yomwe olemba chilankhulo cha Python ambiri amadalira, zimatsatirabe zakale. Malamulo omwewo ndi amene amachititsa kuti NO, chidule cha dziko la Norway, chiziwerengedwa ngati "ayi".

Mutadziwa izi, mizere itatu ija imaoneka mwina. Uthenga unapita chabe chifukwa default inafanana mwangozi ndi zomwe zinali m'fayilo. Mawa mkulu wa ku ofesi atasintha kuti uthenga uzipita 16:30, pofuna kuti anthu awoloke kukadawala, fayilo ikanapereka 990, pulogalamu ikanataya nambalayo mwakachetechete n'kubwerera ku 18:00. Iye akanatsegula fayilo, n'kuona 16:30 yake ili pomwepo, n'kukhutira kuti zonse zili bwino. Kale pulogalamu inkagwa ndipo wina ankaona. Itakonzedwa motere ikanamachita zosiyana ndi zomwe yauzidwa popanda woona.

Panalinso china chomwe chinabisala pa mzere wachitatu. Nthawi yochokera m'fayilo inkadutsa pa gawo losinthira ku nthawi ya kuno, koma default inkalumpha gawolo. Maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Pa laputopu ya mnyamatayo, yomwe wotchi yake ndi ya ku Blantyre, zonse zinkaoneka zolondola. Pa seva, 18:00 ikanakhala 8 koloko usiku. Mwezi wa Januwale ku Nsanje dzuwa limalowa itangodutsa 6 koloko. Amene anakwerapo bwato pa Shire akudziwa kusiyana kwa kuwoloka ndi ana ndi mbuzi kukuwala, ndi kuwoloka mumdima pamadzi othamanga okhala ndi ng'ona ndi mvuu. Ndinabweza chokonzacho.

Chomwe ndinapempha chinali choti nthawi iziwerengedwa ngati mawu osati nambala, iziyesedwa pulogalamu ikangoyamba, ndipo ikakhala yosamveka pulogalamu inene poyera dzina la fayilo, mzere wake ndi chomwe imayembekezera. Ndinapemphanso mayeso atsopano. Pamenepa ndimaumirira kwambiri: mayeso a chokonza ayenera kulephera pa khodi yakale n'kupambana pa yatsopano. Ndimachotsa dala chokonzacho pa makina anga n'kuyendetsa mayesowo. Akapambanabe, ndiye kuti sakuyesa kanthu, ndipo zobiriwira zija n'zongosangalatsa maso.

Apa m'pamene panabuka mtsutso weniweni, ndipo mnzanga wina wamkulu pantchito anali ndi mfundo yomwe sindikanaikana. Iye anati: chabwino, mukufuna pulogalamu izikana kuyamba fayilo ikalakwika. Nanga ikakana usiku womwe mtsinje wa Ruo wadzaza n'kukankha madzi a Shire pa Chiromo? Kodi uthenga wochedwa suposa uthenga wosapita n'komwe? Ankanena zoona. M'mabuku a ntchito yathu amaphunzitsa kuti pulogalamu igwe msanga ndi mofuula, koma olemba mabukuwo amaganiza za ofesi yokhala ndi katswiri wodikira usiku wonse. Ku maboma athu munthu wodziwa makinawo akhoza kukhala mmodzi, ndipo tsiku la madzi nayenso ali kalikiliki ndi za misasa.

Tinagwirizana kuti kukana ndi kufuula ndi zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Pa nthawi yomwe munthu akusintha fayilo, ali pampando pomwepo, pulogalamu ikane ndithu zolakwika, chifukwa wokonza alipo. Koma ikadzuka yokha usiku n'kupeza fayilo yosamveka, igwiritse ntchito zoikika zomaliza zomwe zinayesedwa n'kupezeka zabwino, itumize uthenga kwa anthu, kenako itumizenso SMS kwa oyang'anira kuwauza kuti fayilo yawo yakanidwa. Chomwe sindilola ndi pulogalamu yongoganizira yokha n'kukhala chete. Tinawonjezeranso lamulo laling'ono lomwe munthu akalemba, pulogalamu imaonetsa zoikika zonse zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo ndi komwe chilichonse chachokera. Git, chida chomwe pafupifupi tonse timasungiramo khodi, ili ndi lamulo lotere, ndipo lapulumutsa anthu ambiri ku mikangano ya "koma ine ndinasintha".

Funso lina lomwe wokonza amaiwala kawirikawiri ndi la mafayilo akale. Iye amayesa ndi fayilo yatsopano yomwe walemba bwino, pamene kunja kuli makina omwe mafayilo ake analembedwa zaka zapitazo ndi munthu amene anasiya ntchito. Ngakhale akatswiri a Git zinawapeza. Mu Epulo 2022 anatulutsa Git 2.35.2 pokonza chibowo cha chitetezo: pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu angapo, wina ankatha kusiya fayilo ya config pamalo pomwe Git ya mnzake ingaiwerenge n'kuchita zomwe walamula. Kukonzako kunali koyenera, koma kunachititsa kuti Git izikana mafoda omwe mwini wake ndi wina, ndipo makina ambiri ogwira ntchito okha m'makampani anaima. M'masiku ochepa anatulutsanso ina yopereka njira yomasulira. Za kampani ya CrowdStrike pa 19 Julayi 2024 zinali zazikulu kuposa apo: fayilo ya zoikika inkayembekezera zinthu 21 pamene pulogalamu inkapereka 20, ndipo Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa, ndege n'kulephera kunyamuka. Sindinena izi kuti ndiwopseze munthu. Ndikungofuna kuti amene amati "ndi ka config chabe, vomerezani msanga" adziwe chifukwa chomwe ndimachedwera.

Zina zomwe ndimasaka n'zazing'ono koma zimabwerabwera. Chimodzi ndi 0. Mu Python ndi m'zilankhulo zina, njira yachidule yolembera kuti "ngati sananene, tenga default" imaonanso 0 ngati munthu sananene kanthu. Ndiye ofesi ikalemba kuti mphindi zodikira musanatumize chenjezo zikhale 0, kutanthauza kuti tumiza pompano, pulogalamu imaika mphindi zake za default. China ndi magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makina m'maofesi ankazima ndi kuyaka tsiku ndi tsiku. Choikika chomwe katswiri anangolemba pa sikirini osachisunga m'fayilo chimafa magetsi akazima. Komanso pulogalamu ikadzutsidwa ndi wotchi ya makina, yomwe timati cron, siiona zonse zomwe imaona ikalamulidwa ndi munthu, ndipo nthawi zina imakafufuza fayilo yake mufoda ina. Choncho sindivomereza chokonza cha config ndisanaone makina atazimitsidwa, kuyatsidwa, n'kugwira ntchito okha popanda dzanja la munthu.

Ngakhale mawu a uthengawo ndi config. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukalowa chilembo chimodzi chomwe sichili pa mndandanda wa GSM, malire amatsika kufika 70. Chilembo cha ŵ chili kunja kwa mndandandawo, chimodzimodzi kachizindikiro kopindika komwe pulogalamu ya Word imaika mu ng'ona kapena m'madzi. Munthu akakopera uthenga wa Chichewa kapena wa Chisena kuchokera mu Word, uthenga umodzi umagawika patatu, mtengo umakwera, ndipo pa netiweki yofooka mbali ina ikhoza kuchedwa kapena kusafika. Wokonza amene amayesa ndi mawu a Chingerezi okha saona zimenezi.

Gawo lovuta kwa ife Amalawi si la makina. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo code review imachitika poyera, gulu lonse likuwerenga. Ndaona achinyamata akuvomereza khodi ya bwana wawo m'mphindi zochepa, akuona vuto koma osafuna kuoneka amwano. Ndaonanso akuluakulu akulemba ndemanga zonyoza mpaka mwana wa sukulu amene wangoyamba ntchito kuopa kutumizanso kanthu. Zonse ziwiri zimalowetsa zolakwika. Njira yomwe ndapeza kuti imathandiza ndi kufunsa za chochitika chenicheni m'malo moweruza munthu. Kwa mnyamata uja sindinalembe kuti walakwitsa. Ndinalemba kuti: "Achimwene, tayesani kuika 16:30 m'fayilomo, mundiuze uthenga upita nthawi yanji." Anayesa, anaona yekha, ndipo ndi iyeyo amene anakapeza za nthawi ya UTC m'malo ena awiri omwe sanali m'chokonza chake. Ine ndikalemba khodi ndimaipereka kwa wamng'ono kwambiri pagulu kuti aiwerenge, chifukwa iye amafunsa zomwe ozolowera anasiya kufunsa.

A khonsolo, a mabungwe ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe amalandira makina otere kuchokera kwa opanga sayenera kudziwa Python kuti atetezeke. Afunse kuti ndani amawerenga zosintha zisanalowe, ndipo ngati yankho ndi lakuti wolemba yemweyo, adziwe kuti palibe mlonda. Apemphe pepala loonetsa zoikika zonse zomwe makina akugwiritsa ntchito lero, osati zomwe zinalembedwa mu lipoti la polojekiti. Ndipo mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, atumize uthenga woyesera, kenako aimbire makomiti kufunsa kuti wafika nthawi yanji komanso ngati wafika wathunthu. Mafoni ambiri amapita ndi madzi chaka chilichonse, anthu amagula ma SIM atsopano, ndipo mndandanda wa manambala umakalamba msanga kuposa khodi.

Pa tebulo langa pano pali chokonza china cha manambala omwewo. Wina anaona kuti m'fayilo muli manambala olembedwa mosiyanasiyana, ena oyamba ndi 088 kapena 099, ena ndi +265, ndipo walemba lamulo loti onse asinthidwe kukhala a +265, osagwirizana ndi lamulolo atayidwe. Khodi yake ndi yaukhondo ndipo mayeso ake ndi abwino. Koma pa mndandandawo pali manambala oyamba ndi +258. M'madera a m'malire monga Marka ndi kwa Nyachikadza si zachilendo kuti foni igwire netiweki ya ku Mozambique bwino kuposa ya kuno, ndipo munthu amasunga SIM yomwe imamugwirira ntchito. Manambalawo akhoza kukhala zolakwika za wolemba, akhozanso kukhala a anthu okhawo omwe uthenga umawafika madzi akakwera. Khodi siingandiuze zimenezo. Ndalemba kuti chokonzacho chidikire, nambala iliyonse yomwe ikanatayidwa isindikizidwe papepala, ndipo wa ku ofesi ya Nsanje akadzakwera bwato kupita kumeneko akafunse tcheyamani wa komiti kuti eni manambalawo ndi ndani.